Kuchokera pa Beni Kufika pa Zovala za Ankhondo a M'mafilimu

Kholo la mu mzinda wa Bulawayo, m'dziko la Zimbabwe, likhoza kugwira pakamwa litaona mwana wake wamkulu ndithu akutolera makatoni, mapatapata akutha ndi zidutswa za pulasitiki, n'kumazidula mpaka usiku kuti apange chisoti ndi chapachifuwa chonga cha msilikali amene anamuona mu filimu. Kwa makolo ambiri zimenezi ndi zachibwana, ndiponso kutaya nthawi imene mwanayo akanapita kukasaka ganyu. Komatu chizolowezi chimenechi, chimene chikufalikira kudzera pa mafoni a m'manja, chili ndi mbale wake wakale m'makomboni a mzinda womwewo. Zidzukulu za matchona ochokera ku Malawi zitati zifunse agogo awo, zikhoza kumva kuti kusoka yunifomu yotsanzira ya msilikali, kuiyeza kuti igwire thupi bwino, ndi kuonekera nayo pabwalo anthu akuchemerera, ndi luso limene ovina Beni anafika nalo m'dzikolo zaka pafupifupi 100 zapitazo.

Nkhaniyi ikukhudza alangizi ndi onse ogwira ntchito ndi achinyamata, chifukwa luso lakalelo likupita ndi eni ake, pamene achinyamata akuphunzira zofanana nazo kwa alendo a pa YouTube, amene sadziwa kutentha kwa mwezi wa October ku Matabeleland ngakhalenso zipangizo zimene munthu wa ku Makokoba angazipeze.

Kumene chizolowezichi chinachokera

M'chaka cha 1939, pa msonkhano woyamba wa padziko lonse wa okonda nkhani zopeka za sayansi umene unachitikira ku New York, anthu awiri, Forrest J Ackerman ndi Myrtle R. Douglas, anafika atavala zovala zoyerekeza za anthu a m'tsogolo. Amene anazilingalira ndi kuzisoka anali mayi Douglas. Dzina loti cosplay, limene achinyamata amatchula chizolowezichi masiku ano, linabadwira ku Japan m'zaka za m'ma 1980.

Zovala zolimba zodzitetezera nazo pa nkhondo zinatchuka ndi filimu ya Star Wars ya mu 1977, momwe muli asilikali ovala zoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi, otchedwa stormtrooper. Zovala zawozo zinapangidwa ku England ndi mmisiri wina dzina lake Andrew Ainsworth. Iye ankatenthetsa pulasitiki yopyapyala mpaka kufewa, n'kuiyala pa chikombole, kenako n'kuyamwa mpweya pansi pake kuti pulasitikiyo itenge maonekedwe a chikombolecho. Pa kanema zinkaoneka zochititsa mantha, koma kwa ovalawo zinali chilango. Ankaona movutikira, ndipo mu filimu momwemo muli malo amene msilikali wina anagunditsa mutu pa chitseko polowa m'chipinda, opanga filimuyo osachotsa.

M'chaka cha 1997, Albin Johnson wa ku South Carolina m'dziko la America anayambitsa bungwe la 501st Legion, losonkhanitsa anthu opanga ndi kuvala zovala zoterezi. Bungweli lili ndi mamembala oposa 10,000 m'maiko ambiri. Munthu salowa chilowelowe. Amatumiza zithunzi atavala chovala chake, kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali, ndipo akadaulo a bungwelo amachiyerekeza ndi malangizo olembedwa a chovala chilichonse. Chikakhala chokhwepa, chokhota kapena chosiya mipata yaikulu, amamubwezera kuti akakonzenso. Mamembalawa salipidwa. Amapita m'zipatala za ana ndi pa zochitika zosonkhetsa ndalama zachifundo, ndipo ena mwa iwo anaitanidwa ndi zovala zawo zomwe kukaonekera m'sewero la pa wailesi yakanema la The Mandalorian la mu 2019.

Kum'mwera kwa Africa kuno chizolowezichi chinapeza mabwalo ake. Ku Harare, msonkhano wa Comexposed wa ojambula nkhani za m'zithunzi unayamba mu 2015, ndipo Comic Con Africa inachitika koyamba mu 2018 ku Kyalami, pafupi ndi Johannesburg. Chaka chomwecho cha 2018 kunatuluka filimu ya Black Panther, imene inasintha maganizo a atsikana ambiri pa nkhaniyi. Mtsogoleri wa asilikali aakazi mu filimuyo, Okoye, anaseweredwa ndi Danai Gurira, mwana wa makolo a ku Zimbabwe amene anakulira ku Harare. Wokonza zovala zake, Ruth E. Carter, anatengera mikanda ya Amaasai, mabulangete a Abasotho ndi mphete za m'khosi za Andebele, ndipo analandira nazo mphoto ya Oscar mu 2019. Anthu a ku Bulawayo angakonde kudziwa kuti mphetezo ndi za Andebele a ku South Africa, osati a ku Matabeleland.

Asilikali a pabwalo la gule

Gule wa Beni anayambira m'matauni a m'mphepete mwa nyanja ya mchere monga Lamu, Mombasa, Tanga ndi Pangani m'zaka za m'ma 1890. Dzina lake linachokera ku liwu la Chingerezi lotanthauza gulu la oimba ng'oma ndi malipenga a asilikali. Magulu ake ankapikisana awiriawiri. Ku Lamu ndi ku Mombasa kunali a Kingi ndi a Scotchi, ndipo a Scotchi ankafika povala masiketi a asilikali a ku Scotland. Ku Tanganyika kunali a Marini ndi a Arinoti. Itatha nkhondo ya 1914 mpaka 1918, asilikali a King's African Rifles ndi amtengatenga obwerera kwawo anafika naye ku Nyasaland, kumene anamera mizu makamaka pakati pa Ayao a ku Mangochi, Machinga ndi Zomba. Malipenga a ku Nkhata Bay ndi Karonga, Mganda wa m'chigawo chapakati ndi Kalela wa ku migodi ya ku Zambia onsewa ndi a mtundu umodzi.

Kuchokera ku Nyasaland guleyu anatsata mapazi a anthu ofuna ntchito. Oyamba ankayenda pansi kudutsa ku Tete, ena pambuyo pake anakwera malole a Ulere kapena kulembedwa ndi Mthandizi, n'kukathera m'mafamu a fodya, m'migodi monga wa Shamva ndi wa malasha wa Wankie, umene lero ukutchedwa Hwange, komanso pa njanji. Sitima inafika ku Bulawayo mu 1897, ndipo mzindawu unakhala likulu la njanji za dziko lonselo. Nchifukwa chake m'malokeshoni monga Makokoba, lomwe ndi lakale kuposa onse, ndi Sizinda, kumene kunkakhala antchito a njanji, muli mabanja ambiri amene makolo awo anachokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique.

Katswiri wa mbiri yakale Terence Ranger, amene analemba buku lonena za Beni mu 1975 ndi lina lonena za mbiri ya Bulawayo mu 2010, anaonetsa kuti ovinawa sankangotsanzira azungu mwaumbuli. Munthu amene masiku asanu ndi limodzi ankatchedwa "boyi" pansi pa mgodi, Lamulungu ankakhala mfumu, kaputeni kapena sajeni, wokhala ndi anthu omvera wezulo yake. Maguluwa ankathandizananso pa matenda ndi pa maliro kutali ndi kwawo. Atsamunda ankawayang'ana ndi diso lokayika, ndipo pa sitalaka ya m'migodi ya kopa ya ku Northern Rhodesia mu 1935 anawaganizira kuti ndiwo anathandiza kufalitsa uthenga.

Chimene chikufunika pa nkhani ino ndi chovalacho. Yunifomu ya Beni inkayenera kuchita zinthu ziwiri zimene zimalimbana. Inkayenera kuoneka yowongoka ngati ya msilikali wa pa perete, yositidwa bwino ndi simbi ya makala, zizindikiro za udindo zili m'malo mwake. Komanso inkayenera kulola wovina kukweza bondo, kuponda pansi mwamphamvu, kutembenuka ndi kuwerama kwa maola angapo popanda msoko kuphulika. Telala wa m'komboni amene ankatha kugwirizanitsa ziwirizi ankadziwa kumene angathinitse ndi kumene angasiye mpata. Vuto limeneli ndi lomwelo limene mnyamata wodula chapachifuwa cha mu filimu akulimbana nalo lero.

Ena poona chisoti chophimba nkhope amafulumira kutchula Gule Wamkulu, amene ku Zimbabwe amatchedwa zvigure, ndipo bungwe la UNESCO linamulengeza mu 2005 kuti ndi chuma cha anthu onse. Mlangizi wanzeru sasakaniza ziwirizi. Gule Wamkulu ali ndi eni ake, miyambo yake ndi malo ake, ndipo sali m'gulu la zinthu zochita pofuna kutayitsa nthawi. Beni ndiye wa poyera, amene aliyense angafunse za kasokedwe ka zovala zake popanda kulakwira mwambo.

Thupi ndilo limalamula

Cholakwa chachikulu cha ongoyamba kumene ndi kuyambira pa chithunzi m'malo moyambira pa thupi. Mapatani opezeka pa intaneti, kuphatikizapo osindikizidwa ndi pulogalamu ya ku Japan yotchedwa Pepakura, anajambulidwa poyeza munthu wina wake. Wamfupi, wojintcha, mtsikana kapena mwana akawatsata momwe alili, amapeza chapachifuwa chikumubaya pakhosi, zotchinga ntchafu zikugundana, chisoti chikuzungulira chokha pamutu.

Poyeza, munthuyo avale zimene adzavale mkati mwa chovalacho. Chifuwa chimayezedwa atakoka mpweya wonse, mkono ataupinda kuti mnofu utukuke, katumba ataimirira. Mutu umayezedwa pamwamba pa makutu, n'kuwonjezerapo malo a mphuno ndi a siponji yotsamira mkati. Akadaulo ambiri amagwiritsa ntchito njira yosavuta imene sifuna kompyuta. Amakulunga chiwalo, mwachitsanzo mkono, ndi pepala la pulasitiki, n'kumata tepi pamwamba pake mpaka kukwanira, kenako amajambula mizere ya chovalacho pa tepipo. Akatero amadula mosamala ndi sizasi yosasongoka, n'kuyala chikhungwacho pa nyuzipepala. Pamene chikukana kugona pansi amachidula pang'ono, ndipo malo odulidwawo ndiwo adzakhale misoko yopangitsa chovala kupindika motsata thupi. Telala aliyense amene anasokapo diresi amaizindikira njira imeneyi nthawi yomweyo. Pokulunga chifuwa pamafunika changu komanso kusathinitsa, ndipo nkhope sikulungidwa ngakhale pang'ono.

Patani ikapezeka, iyesedwe kaye pa katoni. Katoni ikalakwika imangotayidwa, pamene mphira wogula ukadulidwa molakwika ndalama zapita. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa ntchito imeneyi kudekhako ndi kuvala, kuvula, kudula pang'ono ndi kuvalanso, mwina kasanu chidutswa chimodzi.

Chovala cholimba sichipindika, choncho chimayenera kusiyira malo ziwalo zimene zimapindika. Chapachifuwa chithere pamwamba pa mchombo kuti munthu athe kuwerama. Chotchinga ntchafu chithere zala ziwiri kapena zitatu pamwamba pa bondo, ndipo cha pa msongolo chiyambire pansi pa bondo. M'khwapa, pa chigongono ndi pa mfundo ya dzanja pasiyidwe mpata. Mipata imeneyi imabisika ndi chovala chakuda chothina cha mkati, ndipo woonera ali chapatali saizindikira.

Mbali imene oonera saiona ndiyo yofunika koposa, ndiyo malamba a mkati. Chidutswa chilichonse chiyenera kukhala ndi pamene chikulendewera. Chapachifuwa ndi chakumsana zimalumikizidwa pa mapewa ndi malamba olimba, ndipo m'nthiti zimagwirana ndi lasitiki kuti chifuwa chizitha kufutukuka popuma. Zotchinga ntchafu zimakoledwa pa lamba wa m'chiuno, apo ayi zimatsetsereka munthu akangoyenda mapazi khumi. Za pa msongolo zimatsamira pa nsapato, n'kutsekedwa kumbuyo ndi velcro. Malamba a zikwama zakutha za pa kaunjika amagwira bwino ntchito imeneyi. Kumata lamba ndi guluu yekha sikukhalitsa. Ndi bwino kumusokerera pa kachidutswa ka nsalu yolimba, nsaluyo n'kuimata pa malo aakulu, ndipo apa dzanja la wosoka nsapato limaposa la wina aliyense.

Chovala chisanapakidwe penti, mwini wake achiyese motere: ayende mofulumira, akhale pa mpando, anjute, akwere sitepe, akweze manja onse, atole chinthu pansi, amwe madzi. Ayesenso ngati angathe kuchivula msanga atafuna kupita kuchimbudzi, nkhani imene anthu amaiseka mpaka itawaonekera pagulu. Wovala chisoti ayese ngati akuona mwana wamng'ono ataima pafupi naye, chifukwa zisoti zambiri zimatseka maso kumunsi ndi m'mbali.

Zipangizo, ndi zimene siziyenera kukhudzidwa

Opanga ambiri masiku ano amakonda mphira wofewa wotchedwa EVA, womwe ndi wofanana ndi wa mapatapata ndi wa timphasa toyala m'malo ochitira masewera olimbitsa thupi. Wochindikala mamilimita 10 amapangira zidutswa zazikulu, wa mamilimita 5 kapena kucheperapo amapangira zokongoletsa. Amadulidwa ndi mpeni wakuthwa kwambiri, umene umafunika kunoledwa pafupipafupi chifukwa mphirayu amabunthitsa msanga. Akatenthetsedwa ndi chipangizo chouzira mpweya wotentha amafewa, ndipo akapindidwa pa bondo kapena pa mbale n'kuzizira amakhala momwemo. Polumikiza amagwiritsa ntchito guluu wa osoka nsapato. Amapaka mbali zonse ziwiri, n'kudikira mphindi zingapo mpaka guluuyo atasiya kunyowa, kenako n'kugunditsa. Zikagwirana sizisunthikanso. Popeza mphirayu amamwa penti, amayamba wapakidwa guluu woyera wa akalipentala wosungunula ndi madzi, kawiri kapena katatu. Pomaliza, polishi wakuda wa nsapato wopakidwa m'makona n'kupukutidwa amachititsa chovala kuoneka ngati chachitsulo chimene chaona nkhondo.

Kumene EVA sapezeka kapena wakwera mtengo, katoni yokutidwa ndi nyuzipepala zoviikidwa m'phala la ufa wa tirigu kapena wa chinangwa imalimba modabwitsa ikauma. Adani ake ndi mvula, mphemvu ndi makoswe, choncho imafuna vanishi pamwamba ndi kusungidwa popachika. Ndowa zosweka ndi zigubu za mafuta ophikira zotsukidwa bwino zimapereka zidutswa zopindika kale za pa mapewa.

Pano alimi ayenera kutchera khutu. Chigubu chimene munali mankhwala ophera tizilombo m'munda, mankhwala a udzu kapena a dibi ya ng'ombe sichiyenera kusanduka chisoti kapena chovala cha mtundu uliwonse, ngakhale chitatsukidwa kangati. Mankhwalawo amalowerera mu pulasitiki, ndipo thukuta ndi kutentha zimathandiza kuti alowe pakhungu, pamene wovala chisoti akupumanso mpweya wa momwemo. Neti ya udzudzu nayonso ndi yonyikidwa m'mankhwala, ndipo ntchito yake ndi kugonamo. Potseka maso a chisoti pangagwiritsidwe ntchito nsalu yakuda yopyapyala kapena sefa ya pawindo. Mapaipi a PVC akapsa amatulutsa utsi woipa kwambiri, choncho sayenera kuikidwa pa moto.

Guluu wa nsapato ali ndi vuto lake limene ogwira ntchito ndi ana a m'misewu amalidziwa bwino. Fungo lake limaledzeretsa ndi kuwononga ubongo. Gulu la achinyamata ligwirire ntchito panja, pansi pa mtengo, kutali ndi mbaula chifukwa guluuyu amayaka, ndipo chitini chake chizisungidwa ndi munthu wamkulu amene amapungulira aliyense pang'ono pa chitsekerero. Penti wopopera amafunanso chisamaliro chomwecho.

Namwino wa galasi ndi mpango

Bulawayo ali pamalo okwera mamita oposa 1,300, ndipo m'mawa wa mwezi wa June kumazizira kwambiri. Koma mu September ndi October, pamene zochitika zambiri za panja zimachitika, kutentha kumafika kapena kupitirira madigiri 30. Mphira ndi pulasitiki sizilola thukuta kuuma. Munthu wovala chisoti ndi chapachifuwa pa dzuwa loterolo akhoza kukomoka pasanathe nthawi yaitali. Zizindikiro zake ndi mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka. Akayamba kulankhula zosokonekera kapena khungu lake likatentha n'kuuma, moyo uli pa chiswe. Avulidwe zonse, agonekedwe pa mthunzi, athiridwe madzi, ndipo athamangire naye kuchipatala. Popewa zimenezi, chisoti chibooledwe mabowo obisika pansi pa chibwano ndi kumbuyo, chizivulidwa pafupipafupi, ndipo madzi amwedwe ludzu lisanafike. Ovala a m'maiko olemera amaika timafani ta mabatire m'zisoti, koma ngakhale iwo sayenda okha. Amakhala ndi mnzawo wosavala amene amawatsogolera pa masitepe, kuwapatsa madzi ndi kumangirira chimene chamasuka.

Udindo umenewu ovina akale anali nawo kale. Katswiri wina, J. Clyde Mitchell, anaonerera gulu la Kalela ku Luanshya ndipo analemba za ilo mu 1956. M'gululo munali wina wovala ngati dokotala, komanso mayi wovala zoyera ngati namwino, amene ankazungulira ndi galasi ndi mpango kuti wovina aliyense adzione ngati akadali waudongo, n'kumawapukuta thukuta kumaso. Mlangizi wokhazikitsa gulu lero angachite bwino kuyamba wasankha namwino wotereyu asanasankhe kaputeni.

Lamulo ndi msika

Ku Zimbabwe, lamulo la Defence Act limaletsa munthu wamba kuvala yunifomu ya asilikali kapena nsalu yamawangamawanga yofanana ndi yawo. Wopanga chovala chotsanzira, kaya cha Beni kaya cha mu filimu, apewe nsalu imeneyi ngakhale atayipeza yotchipa pa kaunjika. Mfuti zoseweretsa nazo zikhale zooneka poyera kuti ndi zabodza, zinyamulidwe m'thumba popita ku bwalo, ndipo ngati gulu likufuna kuyenda mumsewu nkhope zitaphimbidwa, apolisi adziwitsidwe nthawi ikadalipo.

Palinso nkhani ya umwini. Andrew Ainsworth yemwe uja atayamba kugulitsa zisoti zopangidwa ngati za mu filimu, kampani ya Lucasfilm inamusumira, ndipo khoti la ku America mu 2006 linagamula kuti alipire madola 20 miliyoni. Mu 2011 khoti lalikulu la ku Britain linati m'dzikolo iye ali ndi ufulu wopitiriza, chifukwa zisotizo sizinawerengedwe ngati ziboliboli zaluso. Mlandu wa zaka zambiri chonchi munthu wamba sangaukwanitse. Kudzipangira chovala n'kuchivala pa chisangalalo makampani ambiri sakuletsa, koma kupanga zambiri zogulitsa ndi dzina la filimu ndi nkhani ina. Wofuna kupeza ndalama ndi bwino alingalire zovala zakezake, ndipo nthano za kumudzi zili ndi ankhondo ndi zinyama zokwanira.

Kunena zoona, ndi ochepa amene angadye ndi kupanga zovala za ankhondo a m'mafilimu zokha. Phindu lake lili m'maluso amene munthu amatola panjira: kuyeza thupi, kujambula patani, kudula mosawononga, kumata, kusoka ndi kupenta. Malusowa ndi omwe amafunika pokonza mipando ya sofa ndi ya galimoto, posoka nsapato ndi zikwama, komanso pokonza zovala za zisudzo za m'sukulu, za m'matchalitchi ndi za magulu ophunzitsa anthu zaumoyo kudzera m'masewero.

Mzinda wa atelala opanda fakitale

Andebele amautcha Bulawayo kuti koNtuthu Ziyathunqa, kutanthauza kumene utsi umafuka, chifukwa cha mafakitale ake. Ambiri mwa iwo, m'madera a Belmont ndi Donnington, anali a nsalu, zovala ndi nsapato. Ndondomeko yosintha chuma ya ESAP imene inayamba mu 1991, kubwera kwa zovala za kaunjika, ndi mavuto a zachuma a m'zaka za m'ma 2000 zinatseketsa ambiri. Amayi ndi abambo amene anathera zaka zawo akudula mapatani ndi kuyendetsa makina ali m'makomo, ena akungosoka zigamba pakhonde. Pakati pawo pali ana a matchona, amene lamulo la unzika la mu 2001 linasiya ambiri a iwo opanda dziko, mpaka malamulo aakulu a mu 2013 anatsegulanso njira ya unzika kwa obadwira m'dzikolo, n'kuika Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka.

Mzindawu unaonapo kale kuti kutsanzira za m'mafilimu kukhoza kubala chinthu chachikulu. Cont Mhlanga, amene anamwalira mu 2022, anayamba ndi kalabu ya karate ku Makokoba mu 1979, nthawi imene anyamata ankakhamukira ku mafilimu a nkhonya a ku Hong Kong. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 kalabuyo inasanduka gulu la zisudzo la Amakhosi, limene linadzatchuka mpaka kunja kwa dziko ndi kuphunzitsa ochita zisudzo ambiri. Mzindawu ulinso ndi Mzilikazi Art and Craft Centre, imene inatsegulidwa mu 1963 kuti iphunzitse achinyamata ntchito za manja, komanso chikondwerero cha Intwasa Arts Festival koBulawayo chimene chinayamba mu 2005.

Mlangizi amene angafune kuyesa safunika ndalama zambiri. Afunika mthunzi, tebulo, makatoni a m'sitolo, nyuzipepala, tepi yoyezera, sizasi, ndi anthu awiri achikulire: telala mmodzi ndi wovina mmodzi wakale wa Beni, Malipenga kapena Mganda, amene afike ndi yunifomu yake ngati akadali nayo. Achinyamata aitembenuze kunsi kukhale kunja, aone mmene misoko ya m'khwapa ndi ya pakati pa miyendo inasokedwera, afunse chifukwa chake. Agogowo nawo aonetsedwe pa foni chovala chimene zidzukulu zikufuna, anene pamene akuona kuti chidzaluma. Akuluakuluwa alandire kangachepe pa nthawi yawo, monga mmene mphunzitsi aliyense amalandirira.

Tsiku loyamba gulu lisayambe ndi chisoti, chifukwa ndicho chovuta kuposa zonse ndipo chimagwetsa ulesi chikakanika. Aliyense apange chotchinga mkono chimodzi cha katoni, kuyambira pa mfundo ya dzanja kulekeza zala ziwiri asanafike pa chigongono, ayeze pa mnzake, ndipo mnzakeyo ayese kupinda mkono mpaka kugwira phewa lake. Chimene chakanika chidulidwenso, ndipo patani yake ya nyuzipepala ilembedwe dzina la mwini mkono ndi tsiku, n'kusungidwa m'chikwama cha gulu mpaka sabata yotsatira, pamene adzayambe za pa mapewa.